Dzina la mwini nyimbo lisamatsalire m'njira

Mu flash yanga muli nyimbo ina imene ndakhala ndikuiika m'maukwati ndi m'zinkhoswe kwa zaka ziwiri tsopano. Imayamba ndi chisekese, kenako nthungululu ya mayi mmodzi, ndipo besi ikamalowa, ngakhale azakhali aja odandaula nyamakazi amamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'bwalo. Idandipeza pa WhatsApp usiku wina. Pamene pakadakhala dzina la nyimbo ndi la mwini wake padali zilembo AUD, tsiku limene idatumizidwa, kenako WA0012. Basi. Wonditumizira uja naye adachita kupatsidwa ndi mnzake amene adaitenga kwa anyamata oika nyimbo m'mamemori pamsika. Ndafunsa anzanga a ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre mpaka ku Mzuzu. Ndayesa Shazam, pulogalamu ya pafoni yomwe imamvetsera nyimbo n'kutchula mwini wake. Osaphula kanthu.

Nyimbo imeneyi yandidyetsa. Alipo maukwati amene adandiitana chifukwa wina adandimva ndikuiika kwina. Koma munthu amene adaikonza sadalandireko ngakhale K500 kuchokera kwa ine, ndipo sakudziwa n'komwe kuti ntchito ya manja ake ikuvinitsa anthu m'maholo. Zimandiwawa. N'chifukwa chake ndidasintha kagawidwe kanga ka nyimbo.

Ntchito yanga ndi ya u-DJ, komanso ndimakonza nyimbo pa kompyuta. Mwezi ukamatha ndimasanja mndandanda wa nyimbo 20 zoimbidwa ndi makina, zija achinyamata amangoti electronic, n'kuugawira anzanga, makamaka anyamata ndi atsikana amene akuphunzira kukonza mabiti.

Tsiku lina ndikulongedza masipika pakhomo pa holo, agogo ena adandiimitsa. "Mwana wanga," adatero, "nanga oimbawo ali kuti? Si makina akungodzilirira okha awa?" Ndidawakhazika pampando, n'kutsegula laputopu kuti adzionere okha.

Mukatsegula FL Studio, pulogalamu imene masitudiyo ambiri a ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi amadalira, mumaona timabokosi 16 tondandalikidwa pamzere. Kabokosi kalikonse ndi kachidutswa ka nthawi. Mukadina ka 1, ka 5, ka 9 ndi ka 13, ng'oma yaikulu, imene timaitcha kick, imagunda kanayi motalikirana mofanana: du, du, du, du. Umenewo ndiwo msana wa house ndi techno. Ikani kuomba m'manja pa 5 ndi pa 13, maseche pa 3, 7, 11 ndi 15, mupeza kuti mutu wayamba kale kugwedezeka. Izi mwana wa Sitandade 5 akhoza kuzidziwa dzuwa lisanalowe. Koma akadina choncho basi, chimene chituluke ndi phokoso la chigayo, osati nyimbo.

Amene adakulira pafupi ndi bwalo la gule amadziwa kuti ng'oma ya mpanje imagwira mayendedwe osasuntha, pamene ya mbalule ndiyo imayankhula ndi wovina, kumuitana, kumudikira, kumudzidzimutsa. Pa kompyuta paja ntchito n'njomweyo. Uyenera kudziwa kabokosi koti ukasiye kopanda kanthu, ng'oma yoti uichedwetse pang'ono kuti anthu aimve m'chiuno, malo oti uchotse besi kwa kamphindi kuti ikamabwerera holo yonse ikuwe. Woimba ng'oma asanalowe m'bwalo amaiwamba pamoto, kumata phula pakati pa chikopa, kuigogoda, kuchotsako pang'ono, kuigogodanso, mpaka italira mmene khutu lake likufunira. Ifenso timatha maola atatu tikuwamba kick imodzi, kuichepetsa uku, kuinenepetsa uko. Agogo aja adamvetsera ndikuzimitsa ndi kuyatsa timabokosi, kenako adati, "Ndiye kuti mbaluleyo ndi iweyo." Adagwira mfundo yonse.

Makina amenewa mbiri yake ndi ya anthu osauka kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1980 kampani ya Roland ya ku Japan idatulutsa makina oimba ng'oma otchedwa TR-808. Oimba ambiri adawanyoza kuti sakulira ngati ng'oma zenizeni, ndipo mu 1983 kampaniyo idaleka kuwapanga itatulutsa pafupifupi 12 000 okha. Adagwera m'masitolo ogulitsa katundu wogwirapo kale ntchito, mitengo ili pansi, ndipo ogula ake adali achinyamata akuda a m'mizinda ya ku America amene sakadatha kulipira gulu lonse la oimba. Kabokosi kena ka Roland, TB-303, kadapangidwa kuti woimba gitala aziyeserera yekha popanda mnzake wa besi. Nako kadakanika pamsika, mpaka anyamata a gulu la Phuture ku Chicago adayamba kupotokola mabatani ake mosatsata buku, n'kutulutsa Acid Tracks mu 1987. Mumzinda womwewo Frankie Knuckles adali akuika nyimbo pamalo ovinira otchedwa Warehouse kuyambira mu 1977, ndipo ambiri amati dzina lakuti house lidachokera pamenepo. Ku Detroit, Juan Atkins, Derrick May ndi Kevin Saunderson adabala techno.

Ndikamva wina akuti izi n'zachizungu ndimamuuza za Halim El-Dabh. Mu 1944, ali wophunzira za ulimi ku Cairo, adabwereka makina ojambulira mawu pa waya n'kukajambula mwambo wa zaar, wochiza anthu ogwidwa ndi mizimu, wofananako ndi vimbuza wa kumpoto kwathu kuno. Adapita ku situdiyo ya wailesi, n'kuyamba kusewera ndi mawu a amayi a pamwambowo, kuwabwereza ngati m'phanga, kuchotsa ena, kusiya ena. Adachita zimenezi zaka zinayi Pierre Schaeffer wa ku Paris, amene mabuku ambiri amamutchula ngati woyamba, asanatulutse zake mu 1948. Mwa nyimbo zoyambirira zenizeni za mtunduwu, ina idabadwira ku Africa, kuchokera pa mwambo wa mizimu.

Tsono kusanja mndandanda si kuunjika nyimbo ngati mulu wa tomato. Choyamba ndimayang'ana liwiro, limene timaliyeza ndi BPM, kutanthauza kuti ng'oma ikugunda kangati pamphindi imodzi. Amapiano amayenda cha m'ma 112, house pakati pa 120 ndi 128, drum and bass cha m'ma 170, pomwe singeli ya ku Dar es Salaam imapitirira 200. Ukachoka pa 112 n'kugwera pa 170 nthawi imodzi, womvera amadzidzimuka ngati wakwera minibasi imene dalaivala wake walowetsa giya yolakwika pachitunda. Palinso kiyi. A kwaya amadziwa bwino zimene zimachitika woyambitsa nyimbo akayamba pamwamba kwambiri: ena onse amasowa polowera. Nyimbo ziwiri zimene makiyi ake sagwirizana zikatsatizana, khutu limamva kuwawa ngakhale mwini wake sangafotokoze chimene chalakwika.

Nyimbo iliyonse isanalowe pamndandanda ndimaimvera katatu: m'mahedifoni anga a ntchito, pa kafoni ka mabatani ka mayi anga, ndi m'galimoto ya mnzanga. Besi ya amapiano ija, imene amaitcha log drum, imakhala pansi kwambiri moti pa kafoni imangomveka ngati munthu akugogoda chitseko cha malata chapatali. Wokonza waluso amaiwonjezera kamawu kapamwamba kuti ngakhale pa kasipika kakang'ono izimveka. Ndikapeza nyimbo imene yapirira malo onse atatu, ndimadziwa kuti mwini wake amaganizira anthu athu, amene ambiri amamvera pafoni, osati m'makalabu.

Wa mwezi uno ndautsegula ndi Francis Bebey wa ku Cameroon, mtolankhani ndi mlembi amene adasiya ntchito ku UNESCO mu 1974 n'kusandutsa chipinda cha nyumba yake ku Paris kukhala situdiyo. Adasakaniza ma synthesizer ndi sansi ndi zitoliro za kwawo anthu asanayambe n'komwe kuganiza zotere. Pambuyo pake pali William Onyeabor wa ku Enugu, Nigeria, amene adali ndi situdiyo yake ndi fakitale yake yopangira malekodi, ndipo dziko lidamudziwa mochedwa, kampani ya Luaka Bop itasonkhanitsa nyimbo zake mu 2013, zaka zinayi asanamwalire. Kenako ndaika gulu la The Very Best. Esau Mwamwaya, Mmalawi mnzathu, ankagulitsa katundu wakale m'sitolo ku London pamene adakumana ndi anyamata a Radioclit n'kupanga nawo gululi, ndipo mu 2009 adatulutsa chimbale cha Warm Heart of Africa, iye akuimba m'Chichewa pamwamba pa mabiti a makina. Chakumapeto kuli Kabza De Small, DJ Lag wa gqom ya ku Durban, ndi Black Coffee, amene adatenga Grammy mu 2022 ndi chimbale cha Subconsciously.

Malo asanu mwa 20 ndimasungira okonza a kuno kwathu amene mayina awo sadamveke. Sindiwaika kumchira, kumene anthu safika. Nyimbo yachilendo ndimaikhazika pakati pa ziwiri zodziwika, monga timachitira ndi mlendo pamphasa, kuti womvera asadumphe.

Cholinga changa n'chakuti ana athu amve kukula kwa dziko la nyimbozi, osati akope. Apa ndili ndi dandaulo. Amapiano ambiri amene ndikulandira masiku ano ndi a ku Pretoria ndi ku Soweto enieni, adangovekedwa mawu a Chichewa. Chonsecho anzathu amene dziko likuwasirira adayambira pa khutu la kwawo. Nozinja adatenga nyimbo za Atsonga n'kuzithamangitsa mpaka cha m'ma 180, n'kubala Shangaan electro. Anyamata a m'makwalala a Dar es Salaam adabala singeli, imene kampani ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala idaifalitsa kunja. Ife tili ndi manganje, beni, tchopa, chioda, ingoma, vimbuza. Chinsinsi chimodzi chimene ndimauza aliyense wobwera kudzaphunzira ndi ichi: magule athu ambiri amayenda patatupatatu, ndipo sakwana bwino m'timabokosi 16. Sinthani mzere uja ukhale wa timabokosi 12. Mudzamva ng'oma zikupuma ngati za kumudzi, osati ngati za asilikali pa perete. Ndidaona mtsikana wina akuchita zimenezi koyamba, atajambula ng'oma za amalume ake pafoni. Adaimirira pampando n'kuyamba kuvina yekha m'situdiyo.

M'zaka za m'ma 1950 Hugh Tracey adayendayenda mu Nyasaland ndi makina ake, kujambula oimba bangwe, kalimba ndi nyimbo za pamtondo. Zojambulazo zikusungidwa ku International Library of African Music, ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Mu 2016 okonza nyimbo a kunja adazitenga n'kuziphatikiza ndi mabiti pa chimbale cha Beating Heart Malawi. Anthu akhoza kutsutsana za amene adapindula kwambiri ndi ntchito za Tracey, ndipo mtsutsowo ndi woyenera. Koma chinthu chimodzi adachichita bwino: ankalemba. Dzina la woimba, dera lake, chida chimene ankaimba. N'chifukwa chake patapita zaka zoposa 60 tikhoza kunena kuti mawu awa ndi a uje wa kwakuti. Ife, ndi mafoni athu apamwamba, dzina timalitaya sabata isanathe.

Ndipo dzina ndi ndalama. Anthu ambiri amaganiza kuti akamvera nyimbo pa Spotify, imene idafika ku Malawi mu 2021, woimba amalandira mtengo wokhazikika nthawi yomweyo. Sizili choncho. Kumvera kumawerengedwa pokhapokha masekondi 30 atakwana. Ndalama zonse za olembetsa ndi za otsatsa malonda m'dziko lililonse zimalowa m'nkhokwe imodzi, kampani imatengapo gawo lake, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu amagawidwa kwa eni nyimbo molingana ndi kuchuluka kwa kumveredwa kwawo poyerekeza ndi ena onse. Ndiye kuti ngakhale inu mwezi wonse mumvere mnyamata wa ku Chilomoni yekha, gawo lalikulu la ndalama yanu limapita kwa akuluakulu amene dziko lonse likuwamvera. Pa kumvera kumodzi, chimene chimatuluka kawirikawiri sichifika theka la senti ya ku America, ndipo pamenepo ofalitsa ndi kampani ya woimbayo sadatengepo zawo. Kuyambira mu 2024, nyimbo imene siidamveredwe ka 1 000 m'miyezi 12 silandira kalikonse m'nkhokwe imeneyi.

Pamenepa mndandanda umagwira ntchito yooneka. Nyimbo ya wokonza wamng'ono ikakhala pakati pa zodziwika, imatha kuoloka mzere wa 1 000 uja. Komanso popeza nkhokwe ya dziko lililonse ndi yakeyake, kumvera kwa msuweni wanu amene amalipira mwezi ndi mwezi ku Leicester kapena ku Dublin kumalemera kuposa kwa ife omvera zaulere kuno. Mndandanda wanga ndimautumiza dala kwa abale a kunja pachifukwa chimenechi.

Koma kumvera kokha sikungagulire munthu thumba la ufa. Pa Bandcamp munthu amagula nyimbo mwachindunji, kampaniyo n'kutengapo 15 pa 100 iliyonse, ndipo kuyambira mu Marichi 2020 pamakhala masiku ena a Lachisanu pamene simatengapo kanthu. Kugula kamodzi kwa madola asanu kumatha kuposa kumvera ka 1 000. SoundCloud nayo mu 2021 idayamba njira yoti ndalama ya womvera izipita kwa oimba amene iye mwini wawamvera. Ndikudziwa kuti kugula zinthu pa intaneti ndi khadi ya banki si chinthu chapafupi kwa Mmalawi wamba masiku ano. Koma kwa okonza a kuno sitifunika madola. Airtel Money ndi Mpamba zilipo. Pamndandanda wanga, pambali pa dzina la wokonza wa kuno aliyense, ndimalemba njira yomupezera iye atavomereza. Ine mwini, nyimbo ya kuno ndikaiika paukwati, Lolemba lake ndimatumiza kangachepe. Kupatsa n'kuika.

Palinso COSOMA, bungwe loteteza eni luso limene lidakhazikitsidwa mu 1992. Limatolera ndalama kumawailesi ndi kumalo oimbirako nyimbo pagulu, komanso msonkho wa zipangizo zosungira nyimbo, n'kugawira mamembala ake. Koma silingalipire munthu amene sadalembetse ntchito yake, ndipo silingalipire WA0012. Okonza mabiti ndi amene amapwetekeka kwambiri. Woimba amabwera, amalipira kamodzi, amanyamula nyimbo, ndipo ikatchuka dzina la wokonza silimveka paliponse. Achimwene ndi achemwali a m'masitudiyo, woimba asanatuluke pakhomo, lembani kapepala kogawana umwini, musayinirane nonse awiri. Si kusakhulupirirana. Ndi mmene ntchito imayendera kulikonse kumene nyimbo zimadyetsa anthu.

Mu 1969 gulu la The Winstons la ku America lidatulutsa nyimbo yotchedwa Amen, Brother. Pakati pake pali masekondi pafupifupi 7 pamene zida zonse zimakhala chete, n'kutsala woimba ng'oma yekha, Gregory Coleman. Okonza nyimbo adadula kachidutswa kameneko, kukathamangitsa, kukaduladula, kukabwereza m'nyimbo masauzande. Jungle ndi drum and bass za ku Britain zidamangidwa pamwamba pake. Coleman adamwalira mu 2006 ku Atlanta alibe pokhala, osalandirapo kanthu. Mu 2015 ma DJ awiri a ku Britain adachita manyazi, adapempha anthu pa intaneti kuti asonkhe, ndipo adapeza pafupifupi mapaundi 24 000 amene adapereka kwa mtsogoleri wa gululo, Richard Spencer. Kwa Coleman kudali kutada kale. Nkhaniyi ndimaikumbukira nthawi iliyonse ndikadina nyimbo ija ya chisekese.

Bandulo ndi yodula, ndipo sindingauze mwana wa sukulu kuti asalandire nyimbo pa WhatsApp kapena pa Bluetooth. Ine ndimagawa linki pamene ndingathe, chifukwa linki imasiya chizindikiro kwa mwini wake pomwe fayilo siisiya. Koma ngati mukutumiza fayilo, isanachoke pafoni panu isintheni dzina. Lembani woimba, wokonza ngati mukumudziwa, ndi mutu wa nyimbo. Sizitenga mphindi imodzi. Anyamata oika nyimbo m'mamemori pamsika, inunso chitani chimodzimodzi. Makasitomala anu adzabweranso akudziwa chimene akufuna. Anzanga a u-DJ, maikolofoni ili m'manja mwanu usiku wonse: pakati pa kulengeza perekaniperekani wa akuchikazi ndi wa akuchimuna, tchulaniko mwini nyimbo.

Ndipo ngati mukuwerenga muli inu amene mudakonza nyimbo yoyamba ndi chisekese ndi nthungululu ya mayi mmodzi, besi n'kulowa mochedwa, kapena mukumudziwa amene adaikonza, ndipezeni kudzera ku nyuzipepala ino. Bwerani ndi fayilo ya pa kompyuta imene mudaikonzera kuti ndidzatsimikize. Ndalama yanu ya ukwati uliwonse ndakhala ndikuiika padera, ndipo dzina lanu lidzakhala loyamba pamndandanda wa mwezi wamawa.